Kandodo kamene ndinagendera minibasi

Akuluakulu a kampani andipempha kuti ndilembe zimene ndimauza anthu atsopano tsiku loyamba la maphunziro. Akuti ndikamayankhula pakamwa ndimatentha msanga, mawu n'kumapondana, ena osamva bwino. Ndiye ndalemba. Koma inu muziwerenga ngati ndaima patsogolo panu, inuyo mwakhala pamabenchi mutavala malifulekita anu atsopano, malaya owala aja onunkha pulasitiki, ena mukudzijambula kale pafoni.

Ndine Pasikali, kwathu ndi kumtunda kwa Bembeke. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, osati chifukwa cha umbuli ayi. Mnzanga wina anaseka kabudula wanga wong'ambika kumbuyo, ine n'kumuswa mlomo ndi chidutswa cha njerwa. Aphunzitsi atati ndikaitane makolo, ndinangopita osabwereranso. Mtima wapachala ndinali nawo kuyambira kalekale, ndipo sindikunamizani kuti unatha. Ulipo. Pakati panupa ndikudziwa alipo wina amene akangomva mawu opweteka makutu amalira, manja n'kuyamba kufunafuna chogwira. Iweyo ndi amene ndikuyankhula nawe kwambiri.

Ntchito iyi ndinaiyamba ngati ganyu. Gulu lojambula mizere linafika pa msewu waukulu, likufuna anyamata onyamula makoni, aja ofiira osongoka amene timatchingira magalimoto. Ndinasiya khasu m'munda wa mbatata ya kachewere n'kuthamangira komweko. Sabata isanathe ndinali nditapatsidwa kale dzina loti Kambuzi, chifukwa ndinakangana ndi dalaivala wa lole yathu pa nkhani ya kapu ya tiyi.

Gulu limenelo ndimalisowa, anthu inu. Kapitawo wathu anali a Jere, munthu wa mawu ochepa, wa chipewa chaubweya chimene sankachivula ngakhale kutenthe bwanji. Makina ojambulira mzere ankayendetsa ndi a Ngozo, madala a ku Kabwazi. Makina ake anali aja okankha ndi manja, ndipo madalawo akawagwira ankayenda ngati asenza dengu la mazira, osatsokomola, osayang'ana kumbali, ngakhale mtsikana wa mapichesi awaitane. Ku mbendera yoimitsira magalimoto kunkaima asisi a Sitela, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene madalaivala a mathiraki ankawaopa kuposa apolisi.

M'mawa tinkadikira kuti phula liume mame, chifukwa penti sagwira pamsewu wonyowa. Tinkakhala kumbuyo kwa lole titapanikizana ngati anapiye, manja m'khwapa, a Ngozo akuwotcha mbatata m'chitini chakale n'kumatigawira ndi mchere wa m'thumba la ovolosi. Dzuwa likatuluka kuseri kwa phiri la Dedza, tinkatsika, kukoka chingwe, kudontheza timadontho ta penti totsogolera makina. Kumbuyo kwa penti kumathiridwa timikanda tagalasi, tating'ono ngati shuga, kuti mzere uziwala galimoto ikaunika. Timikanda timeneto tinkalowa paliponse, m'makutu, m'matumba, m'tsitsi. Ndikapita kwathu Loweruka, amayi ankandiunika ndi tochi n'kumaseka kuti mwana wawo wasanduka chiphaniphani.

Chingwe anandiphunzitsa ndi a Ngozo. "Kambuzi, chingwe sachikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Chimvere. Chikalira, waonjeza." Ndipo tikamaliza chitunda chonse, tinkatembenuka n'kuona mzere woyera ukutsetsereka pakati pa mitengo ya paini mpaka kutali. Ine amene ndinalephera kulemba bwino m'kope, ndinali nditalemba pa msewu wa dziko lonse. Ndikakwera minibasi ndinkalephera kupirira, ndinkauza wokhala naye pafupi kuti uwu mukuwuonawu, chingwe chake ndinagwira ndine.

Patapita nthawi a Jere anandipatsa mbendera. Kunali kukwezedwa, chifukwa wa mbendera ndi amene amasunga moyo wa onse ali pakati. Tikamajambula timatseka mbali imodzi ya msewu, magalimoto n'kumasinthana mbali yotsalayo. Wa mbendera mmodzi amaima kumtunda, wina kumunsi. Masiku amenewo mawailesi a m'manja, aja timati ova-ova, tinali nawo otha ntchito, kukazizira ankangofa. Foni ku mbendera inali yoletsedwa. Ndiye pa malo okhota, kapena kukagwa nkhungu moti awirinu simukuonana, tinkagwiritsa ntchito kandodo. Kanali kachidutswa ka mpini wa khasu, kopakidwa penti wofiira. Ukalowetsa magalimoto a mbali yako, galimoto yomaliza umaipatsa kandodo, n'kutseka. Ikafika uko imapereka kwa mnzako. Mnzakoyo akalandira kandodo amadziwa kuti m'mbuyomo mulibenso galimoto, ndiye amatsegula mbali yake. Palibe kufunsana. Kandodo kafika, msewu ndi wako.

Pondipatsa, a Jere anangoti, "Aka si kako. Ndi ka galimoto yomaliza." Ine ndinati ndamva.

Tsiku lake linali la m'nyengo yozizira. Tinayamba bwinobwino kuli dzuwa, pa chitunda china chokhota pakati pa Bembeke ndi Dedza. Titajambula ndithu, nkhungu inatsika kuchokera kuphiri mwadzidzidzi, yoti munthu sungaone koni yachitatu. Penti anakana kuuma, ndiye mbali yotsekayo sitikanaitsegula. Magalimoto anachuluka, madalaivala anatopa. Ine ndinali kumtunda, asisi a Sitela kumunsi, a Ngozo ndi makina awo pakati.

Kandodo kanafika kwa ine, ndinatsegula. Kutsogolo kwa mzere wanga kunali lole yodzaza matumba a mbatata, ikudzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Isanalowe bwino, minibasi ina inachoka kumbuyo, kudutsa anzake onse, kugwetsa makoni anga awiri, n'kudzilowetsa patsogolo. Kondakitala anali atalendewera pachitseko, akudya chimanga chootcha. Anandigenda ndi chitsononkho pachifuwa.

"Chidole cha pamsewu iwe! Sukulu unkaithawiranji? Anzako ali m'maofesi, iwe ukukupiza kansanza!"

Anthu m'minibasimo anaseka. Makutu anga analira. Chimene chinali m'dzanja langa lamanja ndi chimene chinapita. Ndinkafuna mutu wa kondakitala, koma iye anawerama, kandodo n'kulowa pachitseko mpaka m'kati. Minibasi inaponda mafuta n'kusowa m'nkhungu.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatukwana. Ndinaima pamenepo n'kumatukwana amake a munthu amene wapita kale, uku lole ya mbatata ikulowa, ina ikutsatira, inanso ikutsatira. Nzeru zinabwera nditayang'ana dzanja langa lopanda kanthu. Ndinataya mbendera n'kuyamba kuthamanga motsetsereka, ndikukuwa dzina la asisi a Sitela, koma m'nkhungu mawu sapita patali.

Kumunsi kuja, mayi wina wa m'minibasi, wodziwa kachitidwe kathu, anatola kandodo pamapazi pake n'kukapereka pawindo mwaulemu. Asisi a Sitela analandira, anatsegula. Sanalakwe chilichonse. Galimoto yonyamula tomato inakwera chitunda n'kukumana maso ndi maso ndi lole ya mbatata. Dalaivala wa tomato anakhotera kumbali yotseka, kumene kunali a Ngozo. Anagunda makina, makina n'kugwera madala pamwendo.

Nditafika ndinapeza tomato ali mbwee pa phula, penti woyera akuyenderera, a Ngozo ali chagada, osalira, akungoyang'ana kumwamba. Palibe anamwalira. Koma mwendo umenewo unathyoka pawiri, ndipo sunabwererenso mmene unalili.

Zotsatira zake ndizifupikitsa, chifukwa palibe chokoma. Ntchito inandithera tsiku lomwelo. Kuchipatala sindinapite kukawaona, ndinkachita manyazi, ndipo manyazi anga amasanduka ukali. Ndinasamukira ku Linthipe, kumasenza matumba a kabichi m'mawa, masana kachasu. Amayi atabwera kudzanditenga ndinawakalipira pamaso pa anthu a pamsika. Wina aliyense wondiyang'ana kawiri ndinkamufunsa kuti wataya chiyani pankhope panga. Tsiku lina pa mowa munthu anati, "Uyu si uja amagenda magalimoto?" Ndinamumenya ndi benchi, mkono wake n'kuthyoka. Apolisi, khoti, ndende. Kundende ndinapeza anthu aukali kuposa ine, ndipo anandiphunzitsa kugona pafupi ndi chidebe. Ndinatuluka nditaonda, ndili ndi mphere, koma mtima uli womwewo. Musamve zoti ndende imachiritsa munthu. Ine ndinabwerera pa benchi lomwe lija.

M'mawa wina ndili pamsika, mutu ukuwawa, ndinaona kabaza yaima. Munthu anatsika movutika, kutsogoza ndodo, kenako mwendo wouma. Anali a Ngozo. Ndinafuna kubisala kuseri kwa matumba, koma anali atandiona kale.

"Kambuzi! Wabisa mutu, matako ali panja. Tabwera kuno."

Ndinapita ngati galu wakuba mazira. Ndinagwada pafumbi pomwepo. "Madala, mwendowo..."

"Mwendo ndi wanga, usaufunse. Dzuka, anthu aziti ndine wansembe." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pasukulu ya kwathu akufuna ndiwajambulire bwalo la mpira ndi laimu. Ine kuwerama sindingathe. Onse amene ndinawaphunzitsa chingwe ali pantchito. Wosowa chochita ndiwe wekha. Tiye."

Sananene kuti andikhululukira. Sananenenso kuti sanandikhululukire. Anangoti tiye, ndipo ine ndinakwera kabaza ina.

Ku Kabwazi tinakhoma zikhomo, ndinakoka chingwe, ndipo manja anga anakumbukira okha. Laimu tinkathira ndi chitini chobowola pansi, ine ndikuyenda chowerama motsatira chingwe, madala atakhala pa mpando umene ana anawabweretsera. Mzere woyamba unatuluka bwino kwambiri. Ndili pakati pa mzere wautali wa m'mbali, anyamata ena a m'mudzimo anabwera kudzaonerera. Mmodzi anayankhula mokweza kuti ndimve.

"Eti uyu ndi amene anawapundula madala? Ndiye amulemba ganyu? Akanakhala bambo anga, bwenzi pano akudyera m'chubu."

Makutu analira. Sindinayankhe, chifukwa a Ngozo anali pomwepo, koma chitini ndinachifinya mpaka chinapindika. Ndinapitiriza mpaka kumapeto n'kuwongoka, ndikudzitama mumtima kuti lero ndapirira.

Madala anadzuka ndi ndodo yawo. "Tiye tikawerenge."

Tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mzerewo, iwo akukoka mwendo. Anaima n'kuloza ndi ndodo. "Apa unali bwino. Apa unkaganiza za nkhomaliro. Apa," anagogoda pansi, "ndi pamene mwana wa a Phiri uja anatsegula pakamwa."

Ndinayang'ana. Kuyambira pamenepo laimu anali atathirika mokhuthala, mzere utachoka pachingwe n'kukhotera kumene kunaima anyamata aja, kenako n'kubwerera. Ine sindinadziwe n'komwe. Ndinkaganiza kuti ndikuyenda mowongoka.

"Ukuganiza kuti sunamuyankhe," anatero a Ngozo. "Wamuyankha ndi laimu wanga. Iwe vuto lako umaganiza kuti ukatseka pakamwa ndiye kuti wapirira. Manja ako amakhala akupitabe. Ukamva kutentha, usapitirize ntchito. Ika pansi chimene wagwira. Chitini, mbendera, khasu, mwana, chilichonse. Ika pansi, manja kumbuyo. Ntchito idikira. Tsiku lija ukanangoika pansi, ine bwenzi ndikuvina pa ukwati wa mwana wanga."

Apa ndi pamene ndinalira, anthu inu. Kukhoti sindinalire, kundende sindinalire. Ndinalira pabwalo la mpira, ana a sukulu akundiyang'ana, manja ali mbuu ndi laimu. Madala anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Watha? Tenga tsache, ufafanize pokhota apo, uyambirenso."

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinachoka ku Linthipe, chifukwa benchi lija linkandidziwa dzina. Ndinapita kwathu, ndinapepesa amayi, iwo n'kundipatsa khasu osanena zambiri. Ndinayamba kuyenda ndi a Ngozo m'masukulu ndi m'matchalitchi, kujambula mabwalo a mpira wa miyendo ndi wa manja. Ndinazindikira kuti ndikagwira ntchito ndi njala kapena ndi matsire, ndimapsa msanga, ndiye ndinasiya mowa ndipo sindichoka pakhomo osaika kanthu m'mimba. Ndinaphunzira kunena mokweza kuti, "Madala, ndatentha." Poyamba zinkandichititsa manyazi ngati kuvula pagulu. Iwo ankangoti, "Ika pansi," n'kuyatsa nkhani ina. Munthu amene ndinamuthyola mkono ndinamufunafuna, ndinamulimira munda wake nyengo yonse. Sanandikonde, ndipo sindimuimba mlandu.

Gulu lathu litabweranso kudera lino, a Ngozo anandiperekeza kwa a Jere. Zinthu zinali zitasintha. Kampani inali itagula mawailesi abwino, ndipo munthu sankaloledwanso kuima pamsewu asanaphunzire, ngati mmene mukuchitira inu leromu. A Jere anamvetsera madala, anakanda chipewa chawo, n'kunena kuti, "Azitsuka makoni ndi kupala migolo ya penti. Pamsewu ayi." Ndinatsuka makoni mpaka zala zinasuwa. Maphunziro onse ndinakhala nawo, a chitetezo, a kasamalidwe ka penti ndi tinala, a thandizo loyamba munthu akavulala. Ndinkakhala kutsogolo ngati mwana wa Sitandade 1. Asisi a Sitela nthawi yonseyi sankandiyankhula. Akandipeza potunga madzi ankadikira ndichoke. Ngozi ija inawasowetsa tulo nthawi yaitali, chifukwa dzanja limene linatsegula msewu linali lawo.

A Ngozo sanabwererenso kumbuyo kwa makina. Pano makina ndi ena, okwera ngati njinga yamoto, ndipo mizere imene tinajambula limodzi inafufutika kalekale, tinapakanso pamwamba pake. Ndikadutsa pa chitunda chija m'mawa, ndimamvabe fungo la mbatata ya m'chitini.

Tsiku lina wa mbendera mmodzi anadwala malungo, ndipo panalibe wina wophunzira koma ine. A Jere anatisonkhanitsa kumbuyo kwa lole. "Pasikali akaima kumtunda, kumunsi kuima ndani?"

Aliyense ankayang'ana jombo zake. Ine ndinkafuna nthaka itseguke.

"Ndiima ine," anatero asisi a Sitela. Anabwera pafupi, mutu wawo ukulekeza pachifuwa panga, n'kundiloza ndi wailesi pamphuno. "Koma tamvera iwe. Ukangomva kuti zayamba, usalimbe mtima. Undiuze, titseke konsekonse. Aimbe mahutala mpaka mabatire awathere. Ndikadzamva kuti unatentha osandiuza, sudzafunika minibasi, ndidzakuponda ndekha."

"Ndamva, asisi."

"Unanenanso choncho kale."

Sizinatenge masiku ambiri. Masana ena bwana wina wa galimoto yakuda yonyezimira anatopa kudikira. Anatsitsa galasi, anandiitana ndi chala, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti iye ndi ndani. Ndisanayankhe anandilavulira zotafuna za nzimbe pa lifulekita, n'kunena kuti anthu osaphunzira akapatsidwa kansalu amadziona ngati boma.

Makutu analira, mofanana ndendende ndi kale. Ndinaona mwala pafupi ndi phazi langa, ndinauona bwinobwino, kukula kwake ndi pogwira pake. Ndinakanikiza wailesi.

"Asisi, ndatentha. Tsekani."

"Ndatseka. Khala pansi."

Ndinaika makoni mopingasa msewu, mbendera ndinaizika pakati, n'kukakhala pa kalavati, manja kumbuyo. Mahutala analira kumtunda ndi kumunsi. Bwana uja anatukwana mpaka mawu anasasa. Amayi ogulitsa kabichi ankandiyang'ana ngati wamisala. Pakati pa msewu anzanga anaimitsa makina n'kumadikira, onse ali chilili ndi miyendo yawo iwiri. Ine ndinangokhala pomwepo mpaka makutu anasiya kulira.

"Asisi, ndazizira."

"Watsimikiza? Anthuwa sakufa, akungochedwa."

"Ndatsimikiza."

"Chabwino. Yambitsa mbali yako. Ndipo bwana wakoyo umuuze kuti kuno kuli ine."

Madzulo ake a Jere sanandiyamikire, sanandikalipirenso. Anangondiuza kuti mawa ndilawirire, ndikaima pomwe paja.

Ndiye iwe amene makutu ako amalira, akadzakupatsa mbendera udzatukwanidwa, zimenezo usakayike. Adzatukwana sukulu yako, nkhope yako, amako. Usadzayese kukhala mwamuna pamenepo. Uza mnzako, tsekani msewu, khala pansi. Tsiku la bwana uja ine ndinachedwetsa anthu ambirimbiri, ndipo onse anakafika kwawo akunditukwana, ali amoyo.